Jombo ya Kumanja

Injini ya kanjinga kamoto siyezedwa ndi munthu mmodzi. Amene ali ndi geji yoyezera mpweya atsutse, koma ine geji ndidangoiona ku Halale, pagalaja pamene ndidaphunzirira zitsulo ndili mnyamata, ndipo inkakhala m'bokosi la bwana, ife osaloledwa ngakhale kuiloza. Geji yathu chinali chala. Umamasula pulagi, n'kutseka bowo lake ndi chala chachikulu, mnzako n'kuponda kiki, chitsulo cholizira injini. Ngati pisitoni ikugwira bwino m'katimo, mpweya umakankha chalacho mpaka kuchichotsa pabowo, phu! Koma ukangomva kampweya kofooka, kongokusisita, dziwa kuti ulendo palibe. Amakaniko amati kompuleshoni. Ine ndimangoti mpweya.

Wondipondera kiki anali mkazi wanga.

Ndidamukwatira kwawo, kumudzi wina kuseri kwa Mayani, zaka zija anthu ankakangana za chitaganya, ndipo ndidakhala mkamwini monga mwa mwambo. Ntchito ndinkagwira kutali, ku Phiri la Dedza, pamakina ocheka matabwa a paini, kumene ndinali ndi kachipinda m'komboni ya antchito. Wapansi unali ulendo wa tsiku lathunthu, kupita kokha. Koma ine ndinali ndi kanjinga kanga, kakale, kogula kwa mzungu wa zankhalango amene ankabwerera kwawo. Loweruka tikaweruka ndinkatsika mpaka ku Linthipe, n'kukhotera msewu wafumbi wa ku Mayani, dzuwa lisanalowe ndili pakhomo.

Kanali ka mtundu uja wothira petulo ndi oyilo m'thanki imodzi, kosiya utsi wabuluu m'mbuyo. M'mimba mwake mulibe zambiri. Muli pisitoni imodzi, yonga kapu ya tiyi yovundikira, maring'i awiri oimanga m'chiuno, ndi silinda, chitsulo chabowo chimene pisitoniyo imakwera ndi kutsikamo. Zitatuzi zikamvana, kanjinga kamakwera phiri. Zikayamba kutayana, mpweya umathawira m'mbali, iwe n'kuyamba kukankha.

N'chifukwa chake Lamulungu lililonse tikachoka ku Misa, ndisanabwerere kuntchito, ndinkayeza. Mphira wa pakiki udatha kalekale, padangotsala chitsulo, ndipo tsiku loyamba mkazi wanga adachiponda ndi phazi lopanda kanthu. Mayo! Adadumpha ndi mwendo umodzi bwalo lonse.

"Kodi inu, mudandikwatira kapena mudandilemba ntchito?" adatero. "Anzanga amuna awo akuwagulira mipango, ine mwandigulira chitsulo choti chizindiluma."

Kuyambira tsikulo ankavala jombo yanga ya kumanja, imodzi yokhayo, phazi linalo lili pansi. Ankakwinya nsalu mpaka m'maondo, kugwira mahandulo, n'kundifunsa, "Mwatseka?" Ine nditagwada, chala chili pabowo, ndinkati, "Pondani." Phu! Iye n'kuseka mpaka misozi, ati chifukwa nthawi zonse ndinkadzidzimuka ngati n'koyamba.

Mwana wathu wamkazi anali atangoyamba kulankhula zomveka. Iyeyo atate ake ankawadziwira kukulira kwa injini. Ndikangotulukira kutsidya kwa dambo ankataya chilichonse chimene wagwira, n'kuthamanga akukuwa, "Ababa a thuthuthu! Ababa a thuthuthu!"

Zonsezi apongozi anga aakazi ankazionera patali, ali pakhonde la nyumba yawo. Anali amasiye, aafupi, a korona m'khosi ndi pakamwa pakuthwa, koma kuthwako ine ndinkangokumvera kuseri kwa mpanda. Mkamwini ndi apongozi ake sayang'anana, salankhulana maso ndi maso. Tikakumana panjira ya kudimba, iwo ankalowa m'chimanga kumanzere, ine kumanja, aliyense n'kumadikira kuti mnzake adutse, mwina mpaka tonse kutopa. Akafuna kundiuza kanthu ankauza mwana wawo, ine ndili pomwepo ndikumva. Kanjinga kanga sankakafuna m'pang'ono pomwe. Ankakatchula kuti chiphokoso, ati nkhuku zawo zaleka kuikira chifukwa cha iko, ati munthu wanzeru akadagula ng'ombe. Zaka zonsezo nkhope yawo sindinkaidziwa bwino. Ndinkadziwa msana wawo ndi kutsokomola kwawo.

Chibayo chidamugwira mkazi wanga pakati pa dzinja, mvula ikugwa yosalekeza. Ndidafika Loweruka n'kumupeza akupuma ngati munthu wokwera phiri. Ndidamukweza kumbuyo, n'kumumangirira kwa ine ndi nsalu, ulendo wa kuchipatala cha amishoni. Kanjinga kaja kadapangidwira munthu mmodzi pamsewu wouma, osati awiri m'matope ofika m'akakolo. Pachitunda china injini idatentha, idalira mawu amene ndinali ndisanawamvepo, kenako zii. Kiki idauma gwa. Mtunda wotsalawo ndidamubereka. Asisitere adayesetsa ndithu, koma mlungu usanathe mkazi wanga adatisiya.

Titaika maliro ndidapita kukatenga kanjinga pachitunda paja, n'kukakankha mpaka kumudzi, n'kukatsamiritsa pakhonde. Akapitawo a kumatabwa adandikomera mtima, adati ndikhale mpaka tikolole, malo anga andisungira.

Mlamu wanga wamkulu, mlongo wake wa malemu, ndiye anali mwini mbumba. Tsiku lina adabwera kudzakhala nane pamphasa. Adayamba ndi za mvula, adapita ku za mbewa m'munda, mpaka adafika pamene ankapita.

"Alamu, mwambo mukuudziwa. Tikakolola tidzameta kachiwiri, kenako tidzakusudzulani, mukhale omasuka. Mwanayu ndi wakuno, akhala ndi agogo ake. Kudzamuona palibe amene adzakuletseni."

Ndidati ndamva. Ndikadatinji? Mkamwini ndi mlendo, ndipo mlendo ndi mame. Komatu mawu akuti palibe amene adzakuletseni ndinkawadziwa kulemera kwake. Inenso mayi anga adamwalira ndili wamng'ono, atate anga n'kusudzulidwa, kubwerera kwawo kutsidya kwa mapiri. Palibe munthu adawaletsa. Chidawaletsa ndi mtunda. Amati adabwerapo kamodzi patapita chaka, ine n'kuthawira kuseri kwa nkhokwe, kuopa mlendo. Sadabwerenso, ndipo lero mutandionetsa nkhope yawo sindingaizindikire.

Tsono ndinkamuyang'ana mwana wanga akusewera pabwalo, mtima n'kumandiwawa. Akandisudzula, nyumba ino siikhalanso yanga, kogona m'mudzi muno ndilibe. Chotsala ndi kubwera Lamulungu m'mawa, kubwerera madzulo, Lolemba ndili pamakina. Wapansi zimenezo sizitheka. Popanda kanjinga ndikadamuona pa Khirisimasi, ndipo pa Khirisimasipo ndikadamupeza kuseri kwa nkhokwe.

Miyezi imeneyo ndidadziwa chimene amati kukhala wekha pakati pa anthu. Sadandizunze ayi, ndisawanamizire. Chakudya chinkabwera, moni ankandipatsa. Koma mkamwini amalankhula ndi mudzi kudzera mwa mkazi wake, ndipo mkaziyo akapita, khomo latsekeka. Amuna akakhala pabwalo, ine ndikangofika nkhani inkasanduka ya nyengo. Munda wa malemu ndidapalira ndekha, kubandira ndekha, kudula ndi kusanja mikukwe ndekha. Mwana ankagona kwa agogo ake kuti ayambe kuzolowera. M'nyumba mudatsala ine ndi khasu la malemu, lidakali ndi dothi la tsiku limene adalimira komaliza, ndipo ndinkalilambalala osalichotsa pamalo pake. Panali masiku amene dzuwa linkatuluka mpaka kulowa ndisanatsegule pakamwa, kupatula kuyasamula.

Chimanga chitauma ndidamasula injini. Pisitoni inali itakakamira m'silinda. Ndidaithira palafini masiku angapo, n'kumaigogoda ndi mpini, mpaka idalola. Nditaitulutsa ndidangogwira pakamwa. Mbali imodzi inali mizeremizere, maring'i atamira m'ngalande zake, osasuntha. Imeneyi inali itafa basi. Silinda inali ndi zipsera, komanso itakula pang'ono ndi ukalamba, koma yosasweka.

Ndidaikulunga m'saka pamodzi ndi pisitoni yakufayo, n'kuyenda wapansi mpaka ku Linthipe, kumene lole ya mbatatesi idanditenga kupita ku boma. Kunali kuzizira kwa Juni, kuja kolowa m'mafupa. Kuseri kwa msika wa Dedza kunali mkulu wina wokonza zigayo ndi mapampu a madzi, wa ndevu zoyera, wosafulumira pa chilichonse. Adaizunguza silinda ija padzuwa, kupisamo chala, kununkhiza, kenako adalowa m'kanyumba kake ka malata n'kutuluka ndi mapisitoni atatu.

Yoyamba inali yatsopano, yonyezimira, ya saizi ya kufakitale. Mtima wanga udalumpha. Mkulu uja adaipaka oyilo, adaimika silinda pathabwa, n'kuiika pakamwa pake. Idangodutsa, kho! pathabwa.

"Mwamva?" adatero. "Silinda yanu yakalamba, yakula. Iyi izingovina m'katimo, mpweya wonse kuthawa."

Yachiwiri nayonso inali yatsopano, koma yonenepa. Idakhala pakamwa pa silinda ngati chivundikiro, osalowa.

"Iyi ndiye ntchito yeniyeni, bambo. Titumize silinda ku Limbe, akaikulitse ndi makina kuti ikwane pisitoni imeneyi. Ikabwera, njinga yanu idzakhala ngati yatsopano, zaka ndi zaka."

"Idzabwera liti?" ndidafunsa.

"Aa, za ku Limbe amadziwa ndi Mulungu. Ina ndidatumiza mvula isanagwe, idabwera tikudya dowe."

Yachitatu inali yakale, yakuda pamutu, yochoka m'kainjini ka pampu kamene kadasweka pena. Inali ya saizi yapakati, yokulirapo pang'ono kuposa ya kufakitale, koma itadyeka ndi ntchito. Mkulu uja adaipukuta, adaipaka oyilo, n'kuiika pakamwa pa silinda. Idaima kaye. Kenako idayamba kutsika yokha, pang'onopang'ono, popanda woikankha, mpaka idafika pansi osamveka phokoso. Tidaiyerekeza ndi yakufa ija. Linunda la pamutu, limene limalondolera mpweya, linali lofanana. Bowo la pini linali lofanana. Timisomali ta m'ngalande, toletsa maring'i kuzungulira kuti nsonga zake zingakodwe m'mazenera a silinda, tinali pamalo pake.

"Koma ndikuuzeni zoona," adatero mkulu uja. "Iyi ndi nkhalamba inzake. Mwina ikupatsani chaka, mwina ziwiri, mwina ikana lero lomwe. Ine ndikadakhala inu ndikadadikira Limbe. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

"Akulu," ndidatero, "nkhono ilibe mwana wa zaka zitatu kuseri kwa Mayani."

Adandisankhira maring'i awiri. Tidawalowetsa m'silinda okhaokha, kuyang'ana mpata wa pansonga padzuwa, kupala ndi tupa pang'ono, kuyang'ananso, mpaka mpatawo ungolowa pepala lokhuthala. Zipsera za m'silinda tidazisalaza ndi sanipepa. Potsanzikana adati, "Maso athu athera pomwepa. Mukakaimanga, chala ndicho chikanene."

Njira yonse yobwerera ndinkakangana ndekha. Nzeru za mkulu uja zinali zoona, ndinkadziwa. Ku Halale munthu woika pisitoni yotoledwa m'injini ya bwana akadachotsedwa ntchito tsiku lomwelo. Ndinkapisa dzanja m'thumba la jekete, kuigwira pisitoni ija, kuisiya, kuigwiranso. Panalibe womufunsa ngati ndachita bwino kapena ndapusa.

Kumudzi ndidapeza azimayi ayamba kale kufulula mowa ndi thobwa la m'meto. Ndidayala mphasa pakhonde, n'kuyamba kumanga injini mosamala. Gasiketi, yotseka kuti mpweya usathawire polumikizira zitsulo, ndidadula pakatoni ya sopo. Mwana wanga adanyonyomala pambali, akuyang'ana zitsulo zija.

"Ababa, thuthuthu wadwala?"

"Wadwala, koma achira."

"Ngati amayi?"

Ndidamanga bawuti imene inali yomanga kale.

Ndidamaliza m'mawa wa tsiku loti mawa lake tikumeta. Ndidathira petulo wosakaniza bwino ndi oyilo, ndidaponda kiki. Zii. Kupondanso, zii. Ndidaponda mpaka thukuta m'chisanu chija, kanjinga kangoti vu, vu, n'kukhala chete. Moto papulagi unalipo, ndidauona ndi maso anga, wabuluu. Petulo ankafika, pulagi inali yonyowa. Chotsala chinali chimodzi, mwina pisitoni ija yakana.

Ndinkafunika kudziwa. Ngati mpweya ulipo, vuto lili pena ndipo ndilipeza. Ngati palibe, ndasankha molakwa, ndipo ndichoka m'mudzi muno wapansi ngati atate anga. Ndidamasula pulagi n'kuyesa ndekha. Koma abale! Bowo lili pansi pa thanki, kiki ili kumbuyo. Ukawerama kuti chala chitseke, mwendo ulibe mphamvu. Ukadzuka kuti uponde ndi thupi lonse, chala chachoka. Ndidayesa kukankha kiki ndi dzanja. Ndidayesa kutseka bowo ndi chitsononkho, koma chitsononkho sichikuuza kanthu. Mapeto ake kanjinga kadandigwera, ine chagada, miyendo m'mwamba.

Ndidapita kwa mlamu wanga, amene ankazika mitengo ya chisakasa cha alendo.

"Alamu, tandiponderani kiki kamodzi kokha."

Adayang'ana pansi. "Pepani alamu. Njinga imeneyo idanyamula mlongo wanga ulendo wake womaliza. Sitingaikhudze tisanamete. Dikirani mawa."

"Mawa mudzakhala mutamwa, mkuja ndikuchoka! Nanga ine amene ndidamubereka kumsana, bwanji mukundigwira chanza?"

Mlamu wanga adabwerera kumitengo yake. Amene ankamuthandiza adapeza chochita kutsidya kwa bwalo. Ndidabwerera pakhonde ndili ndi ukali. Ndidamenya theche chitini cha oyilo, ndidatukwana kanjinga, kutukwana Limbe, kutukwana ndi mzungu yemwe amene adandigulitsa. Kenako ukali udatha, n'kutsala chimene chinali pansi pake. Ndidakhala pansi, chala chili pabowo la pulagi popanda chifukwa, ndikulira. Mudzi wonse uli piringupiringu, mitondo ikulira, ndipo mwa anthu onsewo padalibe mmodzi woti andifunse kuti, "Mwatseka?"

Ndidamva kutsokomola kumbuyo kwanga. Ndidakudziwa. Ndidafuna kudzuka kuti ndipatuke, koma mawu adandipeza ndisanaimirire. Apongozi anali ataima cham'mbali, nsalu ataifunda kumutu mpaka kuphimba tsaya, akuyang'ana kumunda. Mdzukulu wawo adamugwira padzanja.

"Iwe," adatero kwa mwanayo, "uwauze atate ako avule jombo."

Mwanayo adandiyang'ana, adayang'ana agogo ake.

"Uwauze agogo ako," ndidatero ndikuyang'ana pansi, "kuti akuti njingayi sikhudzidwa tisanamete."

"Uwauze kuti amene idamunyamulayo ndidayamba kumunyamula ndine, miyezi isanu ndi inayi. Jombo ya kumanja, osati ya kumanzere. Ndinkaona."

Ndidavula, n'kuikankhira kumbali kwawo osatembenuka. Ndidamva phazi likulowa, jombo ikukwekwereka pansi. Kanjinga kadagwedezeka, adagwira mahandulo. Ndidagwada, mutu pansi pa thanki, ndipo chimene ndinkaona ndi jombo yanga ili pachitsulo chija, ndi kamwendo koonda kotuluka m'menemo. Chikwatirire changa m'mudzimo tinali tisanayandikanepo chotere. Ndinkamva fungo la utsi ndi chimera pansalu yawo.

"Uwafunse ngati atseka."

"Uwauze aponde."

Adaponda mwamantha, kiki idangofika pakati. Kampweya kadandisisita chala, kofooka, ndipo mtima wanga udagwa.

"Uwauze agogo ako asaiope. Akwere pamwamba pake, agwe nayo thupi lonse, ngati akuthyola nkhuni."

"Uwauze atate ako kuti nkhuni ndidayamba kuthyola iwo asanabadwe."

Ndidamva akukoka mpweya, korona ikugundana pachifuwa. Kenako adagwa nayo. Phu! Chala changa chidaponyedwa m'mwamba mpaka kugunda thanki. Adapondanso osauzidwa. Phu! Ndidadzidzimuka monga mwa nthawi zonse, ndipo pansi pa nsalu paja ndidamva kaphwete kakang'ono, kofanana ndendende ndi ka mwana wawo.

"Uwauze agogo ako mpweya ulipo," ndidatero. "Pisitoni yagwira."

Pamenepo mutu udayamba kugwira ntchito. Moto ulipo, petulo alipo, mpweya ulipo. Ngati injini ikukoka koma osalira, ndiye kuti ikulephera kutulutsa. Ndidamasula paipi ya utsi, n'kuiuzira ndi pakamwa. Yotseka! Ndidapisamo waya, ndipo mudatuluka dothi louma, tizibuma, ndi timphutsi. Miyezi yonse ija kanjinga kali pakhonde, mavu aja omanga ndi dothi adapeza nyumba yaulere. Ha! Ine kutukwana Limbe ndi mzungu, olakwa ali mavu.

Ndidagogoda paipi, ndidaibwezera, ndidamanga pulagi. Jombo inali idakali kuphazi kwa apongozi, choncho ndidaponda ndi phazi lopanda kanthu, osamva n'kuwawa komwe. Injini idatsokomola, idatsokomolanso, kenako idalira, utsi wabuluu uli tolotolo bwalo lonse. Mitondo idaleka. Mwana wanga adalumpha akukuwa, "Thuthuthu wachira! Thuthuthu wachira!"

Nditazimitsa, apongozi anali atayamba kale kubwerera kwawo, jombo yanga ikuti khwe, khwe, pansi. Ndidadikira kuti aivule. Sadaivule. Adafika pakhonde pawo n'kuima, msana uli kwa ine.

"Iwe," adaitana mdzukulu wawo, mokweza kuti ndi mlamu wanga yemwe amve. "Uwauze atate ako jomboyi adzaitenga Lamulungu."

Mkamwini sangalowe m'nyumba ya apongozi ake kukalanda jombo. Mawa lake tidameta. Adandikhazika pamphasa, akuluakulu adalankhula, adandithokoza kuti ndidamusunga bwino mwana wawo, n'kundiuza kuti ndamasuka. Ine sindidamve kumasuka kulikonse. Tsiku linalo ndidamanga bulangete ndi zitsulo zanga kumbuyo kwa kanjinga, ndidamunyamula mwana wanga kanthawi, n'kumutsitsa. Ndidachoka kumanzere kuli jombo, kumanja kuli nsapato ya tayala yobwereka.

Kumatabwa anzanga adandiseka mlungu wonse, ati ukamwini wandidya mpaka nsapato. Ndinkaseka nawo. Koma tikaweruka ndinkalowa m'kachipinda kaja, mphepo ikulira m'mapaini, nkhungu itatsika mpaka pakhomo, n'kukhala pabedi ndikuyang'ana jombo imodzi ili pakona. Loweruka masana anzanga a mabanja adanyamuka, ine ndidatsala, chifukwa kogona kumudzi kuja kunalibenso. Ndidatsuka pulagi, ndidapukuta kanjinga, ndidakapukutanso.

Lamulungu ndidalawirira, Misa ndidaiphonya, Mulungu andikhululukire. Pisitoni yoti yangolowa kumene safuna kuithamangitsa, choncho ndidayenda pang'onopang'ono, khutu lili painjini, pachitunda chilichonse ndikuinyengerera ngati ng'ombe yotopa. Ndidadutsa Mayani. Ndinkadziuza kuti mlungu umodzi mwana saiwala, koma m'maso mwanga munkangobwera nkhokwe ija ya ubwana wanga.

Ndidatulukira kutsidya kwa dambo. Pabwalo panalibe munthu. Kenako chitseko cha apongozi chidatseguka, n'kutuluka kamunthu, mwendo umodzi uli m'jombo yofika m'chiuno. Kadathamanga, kadagwa, kadadzuka, kadagwanso, kakukuwa njira yonse. Ndidazimitsa injini kuti ndimve bwino.

Tsiku lonse ndidakhala naye pamphasa pansi pa mtengo wa mapichesi, nsapato nditavula, jombo ya kumanzere ija ili pambali. Apongozi sindidawaone, ndinkangomva kutsokomola kuseri kwa mpanda. Dzuwa litapendeka ndidati ndizipita. Ndidavala jombo ya kumanja. Ndidayang'ana pansi pa mphasa, ndidayang'ana kuseri kwa mtengo, ya kumanzere osaoneka.

Mwana wanga adandikoka buluku. Ulendo uno uthenga adaufikitsa yekha, wonse, osaphonya liwu.

"Ababa, agogo akuti mudzaitenga Lamulungu."